Kamera pa Gombe la Chintheche: Ajambule Kaye Kapena Apemphe Kaye?

Mutu wa mtsutso: "Munthu aliyense ali ndi ufulu wojambula zithunzi pamalo a anthu onse, monga gombe la nyanja ku Chintheche, popanda kupempha chilolezo kwa amene akuwajambula."

Chintheche ili m'mphepete mwa msewu wa M5, makilomita pafupifupi 40 kumwera kwa boma la Nkhata Bay. Mchenga wake woyera ndiwo umaikidwa pa timabuku tokopa alendo, ndipo chikondwerero cha Lake of Stars chinabadwira konkuno mu 2004, n'kudzabwereranso mu 2016. Kuyambira ku Kande, kudzera ku Bandawe, mpaka pa Chintheche penipeni, malo ogona alendo ali khomo ndi khomo ndi midzi ya Atonga. Gombe limene mlendo amaotherapo dzuwa ndi lomwelo limene msodzi amakochezapo bwato, mayi amatsukirapo mbale, ana amasambapo asanathamangire kusukulu. Kale kamera inali ya mzungu ndi ya wojambula woyenda pa njinga. Lero aliyense wokhala ndi foni ali nayo m'thumba, ndipo ambiri mwa ojambula a pa Khirisimasi ndi pa Isitala ndi Amalawi anzathu ochokera ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Mkangano wake suchedwa kubuka. Wina wakweza foni, mayi amene amachapa wadzutsa mutu. "Mukundijambuliranji?" "Ayi mayi, ine ndikujambula nyanja." "Tandionetsani." Posakhalitsa anthu aunjikana. Uyu akuti fufutani, uyo akuti lipirani, mnyamata wina wagwira kale lamba wa kamera. Wojambula akunena za ufulu wake, wojambulidwa akunena za ulemu wake, ndipo onse awiri ali ndi popondera m'malamulo oyendetsera dziko a 1994. Gawo 35 limapereka ufulu wofotokoza maganizo ndipo gawo 36 limateteza atolankhani. Gawo 19 limati ulemerero wa munthu usaphwanyidwe, pomwe gawo 21 limateteza munthu kuti asalowereredwe pa za moyo wake. Ndiye tione mbali zonse ziwiri.

MBALI YOVOMEREZA

1. Ufulu sayamba wapempha. Ovomereza mutuwu amati chimene chili poyera, chimene wodutsa aliyense akuchiona ndi maso ake, munthu akhoza kuchijambula. Gawo 44 la malamulo oyendetsera dziko limalola kuchepetsa ufulu pokhapokha patakhala lamulo lonena choncho, lomveka, komanso lofunikira m'dziko la demokalase. Choncho amene ayenera kufotokoza ndi woletsayo, osati wojambula. Malo oletsedwa alipo, monga makampu a asilikali ndi malo ena amene boma linawaika pansi pa lamulo la malo otetezedwa, koma gombe la Chintheche si limodzi mwa malo amenewo. Amakumbutsanso kuti gawo 21 lomwe otsutsa amalidalira limaletsa kulanda katundu wa munthu ndi kumusecha popanda chifukwa cha lamulo. Amene walanda foni ya mnzake n'kuyamba kusanthula zithunzi zake waphwanya gawo lomwelo limene akuti akuliteteza.

2. Chithunzi ndi mboni, ndipo amene amadana nacho kwambiri ndi amene ali ndi chobisa. Apa ndi pomwe mbali iyi ili ndi mphamvu. Pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011, pamene anthu 20 anafa, ambiri a iwo ku Mzuzu, atolankhani anamenyedwa ndipo mawayilesi analetsedwa kuulutsa zochitikazo mwachindunji. Zimene dziko linaona zinachokera kwa anthu amene anajambula osapempha. Mu 2019 zithunzi za mapepala a zotsatira za chisankho opakidwa Tipp-Ex zinayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook khoti lisanafafanize chisankhocho pa 3 Febuluwale 2020. Ku Soweto pa 16 Juni 1976, Sam Nzima sanafunse wapolisi aliyense asanajambule Hector Pieterson atanyamulidwa m'manja. Anthu a ku Nkhata Bay amadziwa bwino mmene nkhani imathera umboni ukakhala m'manja mwa mbali imodzi yokha: pa 3 Malichi 1959 asilikali anawombera khamu la anthu pa doko, lipoti la Devlin linati anafa ndi anthu 20, koma eni dera amawerenga oposa pamenepo mpaka lero.

Ku Chintheche nkhani zake ndi zazing'ono poyerekeza ndi izi, koma mtundu wake ndi womwewo. Pali wokoka timwana ta nsomba ndi masikito pamalo oswanirana chambo, chinthu chimene makomiti a m'madoko pamodzi ndi mabungwe monga Ripple Africa ya ku Mwaya akhala akulimbana nacho. Pali womanga mpanda mpaka m'madzi, kutseka njira imene anthu ankadzera potunga madzi. Pali wantchito wa boma amene dzanja lake lalowa pawindo la minibasi. Mukaika lamulo loti wojambula apemphe kaye, onsewa mwawapatsa mphamvu yokana, ndipo adzakana.

3. Chilolezo cha anthu onse sichitheka. Bwato la chilimira likakocheza m'mawa, pagombe pamakhala chikhamu: asodzi, ogula, onyamula, ana, oonerera chabe. Kodi wojambula ayende kwa aliyense? Nanga pa malipenga, pamene magulu a m'midzi yosiyanasiyana akupikisana atavala zoyera, kapena pa chilimika cha Chaka Chatsopano, kapena pa mpira? Lamulo losatheka kutsatira limangosandutsa aliyense wolakwa. Komanso wojambula aliyense amadziwa kuti ukangopempha, chimene umafuna kujambula chatha. Msodzi amene amasoka ukonde amaimirira, kukonza malaya, manja m'mbali ngati ali pa peredi. Chotsala ndi chithunzi cha pa chiphaso, osati cha ntchito yake.

4. Pali anthu amene nsima yawo imachokera mu kamera. Tonse timawadziwa ojambula a pa ukwati, pa chinkhoswe, pa msonkhano wa mpingo ndi pa mwambo wa omaliza maphunziro. Amakutola usakudziwa, n'kuthamanga kukatsukitsa, ndipo potuluka umapeza nkhope yako yayalidwa pakhomo pamodzi ndi za anzako. Wafuna ugula, sunafune udutsa. Ntchito imeneyi yaphunzitsa ana m'mabanja ambiri, ndipo palibe amene anaiyesa upandu. Lamulo la chilolezo silingavute kampani yaikulu yochokera kunja, pakuti iyo imabwera ndi mafomu, womasulira ndi loya. Lingapweteke mnyamata wa pa Chintheche amene anagula kamera ya kaunjika ndi ndalama za ku Joni. Ndipo tisaiwale kuti malo ogona alendo amadzaza chifukwa cha zithunzi zimene alendo akale anaika pa intaneti. Wophika, mlonda, wosema ziboliboli ndi woperekeza alendo onse amadya nawo pamenepo.

5. Zimene sizinajambulidwe zimaiwalika msanga. Mishoni ya Livingstonia inasamukira ku Bandawe mu 1881 kuchokera ku Cape Maclear, n'kudzapitirira ku Khondowe mu 1894. Zambiri zimene tikudziwa za maonekedwe a midzi, mabwato ndi zovala za nthawi imeneyo timaziona pa zithunzi zakale, zonga zimene zikusungidwa ku nyumba ya mbiri ya dziko ku Zomba ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala. Mu 2024 nyanja inakwera n'kumeza mchenga ndi nyumba za m'mphepete m'malo ambiri. Mdzukulu wofuna kudziwa pamene madzi ankalekezera adzadalira zithunzi za wodutsa wamba. Paja mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa: nthawi zina amaona chimene eni ake anasiya kuchiona chifukwa chochizolowera.

6. Mawu oti "sanapemphe" amasanduka msanga chilolezo chomenya. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena a kumwera, ndipo kukhala mlendo wonyamula chipangizo chosadziwika kunali kokwanira kuti akukayikire. Mu 2018 atolankhani a BBC, kuphatikizapo Anas Aremeyaw Anas wa ku Ghana ndi Henry Mhango wa konkuno, anavulazidwa ndi gulu la anthu ku Karonga pamene ankafufuza za kupha anthu pofuna ziwalo zawo, anthuwo powayesa kuti ndiwo akuphawo. Ovomereza akuti tikaphunzitsa anthu kuti wojambula wosapempha ndi wolakwa, tikupatsa nyonga gulu lotere. Amafunsanso kuti wopereka chilolezo ndani: mwini nkhope, mfumu, wapampando wa komiti ya padoko, kapena mnyamata amene ali ndi mawu okwera kuposa anzake? Kawirikawiri chilolezocho chimathera pa mtengo, ndipo ndalamayo sifika kwa wojambulidwa.

MBALI YOTSUTSA

1. Gombe la kumudzi si msewu wa mumzinda. Mfundo yonse ya ovomereza yakhazikika pa mawu oti "malo a anthu onse", ndipo otsutsa akuti mawuwa anapangidwira moyo wina. M'tauni munthu amasamba m'bafa lokhala ndi chitseko, amachapa kuseri kwa mpanda, akatero n'kutuluka atakonzeka kuonedwa. Kunyanja sizili choncho. Tapitani pagombe dzuwa likungotuluka. Nyali za asiginala zazima, mabwato akubwera. Amayi aima ndi mabeseni kudikira usipa, ena ayamba kale kuuyala pa thandala. Chapatali pang'ono wina akukwecha mphika ndi mchenga, wina akuvuula chinangwa choti akasinje ufa wa kondowole, wina wavula bulauzi, wamanga chitenje m'chiuno, akusambitsa mwana n'kusambanso yekha. Pali posambira amayi ndi posambira abambo, ndipo palibe chikwangwani chifukwa mwana aliyense wa m'mudzimo amadziwa. Mwamuna akamadutsa pafupi ndi doko la amayi amatsokomola kapena kupereka odi akadali patali, n'kuyang'ana kumbali. Chitseko cha pamenepo ndi ulemu wa odutsa.

Choncho gombe ndi khitchini, bafa ndi malo antchito a mudzi wonse. Kunena kuti chili chonse chooneka poyera n'chololedwa kujambula ndi kunena kuti wosauka alibe chinsinsi, pakuti moyo wake wambiri amaukhalira panja, pomwe wolemera amagula chinsinsi chake ndi njerwa ndi mlonda. Ngakhale malamulo a milandu amazindikira zimenezi: gawo 137 limati n'kulakwa kulowerera chinsinsi cha mayi ndi cholinga chomuchotsera ulemu, ndipo silinena kuti mayiyo akhale ali m'nyumba.

2. Diso limaiwala, kamera siiwala. Wodutsa amaona n'kupitirira, ndipo zimene waona zimathera m'mutu mwake. Chithunzi chimakwera ndege, chimalowa pa Facebook ndi pa TikTok, chimakhala zaka, ndipo chimalandira mawu a pansi amene mwini nkhope sanawamvepo. Mayi wodikira usipa mbandakucha akhoza kupezeka pamwamba pa nkhani yonena za amayi ogonana ndi asodzi kuti apeze nsomba, mwamuna wake ndi akumpingo n'kuiona. Mwana wosewera pamchenga makolo ake ali moyo amasanduka "mwana wamasiye" pa tsamba lopempha thandizo. Munthu wotunga madzi amakhala nkhope ya kolera, matenda amene anavuta kwambiri m'boma la Nkhata Bay mu 2022. Palibe bodza pa chithunzicho, bodza lili pa chimene achigwiritsira ntchito.

Malamulo alipo ndithu. Lamulo la 2016 loona za pa intaneti limaletsa kuzunza munthu kudzera pa makina ndi kufalitsa zolaula za ana. Lamulo la 2024 loteteza mbiri ya anthu, limene likuyang'aniridwa ndi MACRA, limafuna kuti wosonkhanitsa ndi kugwiritsa ntchito zokhudza munthu akhale ndi chifukwa chovomerezeka, chimodzi mwa zifukwazo chikhale chilolezo cha mwini wake. Koma zonsezi zimagwira ntchito madzi atatayika kale. Kodi mayi wa ku Bandawe akadandaule kuti za chithunzi chimene chili pa tsamba la munthu wa ku London, pomwe sakudziwa n'komwe kuti chilipo? Mphindi yokhayo imene ali ndi mphamvu ndi ija kamera isanalire. Kumulanda mphindi imeneyo ndi kumulanda zonse.

3. Ana sangapereke chilolezo, ngakhale atakuthamangira okha. Aliyense amene anayendapo ndi kamera kumudzi amadziwa mmene ana amaunjikirana, kulumpha ndi kukuwa kuti ajambulidwe. Chisangalalo chimenecho n'chimene anagwiritsa ntchito Lu Ke, nzika ya ku China imene inkajambula ana ku Njewa, ku Lilongwe, ikuwanenetsa mawu a chinenero chimene samachimva, ena odzinyoza okha chifukwa cha khungu lawo, n'kumagulitsa makanemawo kwawo. BBC itaulula nkhaniyi mu Juni 2022, anathawira ku Zambia, anagwidwa ku Chipata n'kubwezedwa kuno, ndipo mu 2023 khoti linamupeza wolakwa n'kulamula kuti achoke m'dziko muno. Iye sankabisala. Ankajambula masana, panja, ana akuseka. Mwa muyeso wa mutu wa mtsutso uno, tsiku lililonse limene anaimika kamera yake anali pa ufulu wake. Gawo 23 la malamulo oyendetsera dziko limateteza ana ku kudyeredwa masuku pamutu, ndipo kuyambira mu 2017 mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Kunyanja, komwe ana aang'ono amasambira opanda chovala, nkhaniyi siifuna kufotokoza kwambiri.

4. Phindu limapita mbali imodzi, ndipo ufuluwo subwezeka. Lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016 limateteza chithunzi ngati chuma cha wochijambula, ndipo COSOMA ilipo kuti aluso asaberedwe. N'zoyenera. Koma nkhope imene yagulitsa chithunzicho ilibe gawo. Florence Owens Thompson, mayi amene Dorothea Lange anamujambula mu 1936 ku California pa chithunzi chimene chinadzakhala chizindikiro cha umphawi wa ku America, sanalandirepo kanthu, ndipo dzina lake linadziwika patapita zaka zoposa 40. Zithunzi zakale za mishoni zimene ovomereza akuzitama zili ndi chilema chomwechi: mzungu amatchulidwa dzina, pomwe anthu akuda oima pambali pake nthawi zambiri amangolembedwa ngati gulu. Chikhalirecho dera lino linatulutsa Elliot Kamwana ndi Clements Kadalie, anthu amene anagwedeza maboma a atsamunda. Sanali anthu opanda mayina.

Ndiye tayesani kutembenuza. Msodzi atenge foni yake, aime pamchenga womwewo, ayambe kujambula alendo ovala zosambira ndi ana awo kutsogolo kwa loji. Mlonda safuna kuuzidwa chochita. Ngati ufulu umenewu umagwira ntchito kuchokera ku loji kupita kumudzi kokha, ndiye kuti dzina lake lenileni si ufulu. Ndipo alendo ambiri kwawo sachita zimenezi. Ku Germany, ojambula awiri atazembera m'chipinda n'kujambula mtembo wa Otto von Bismarck mu 1898, dziko linakhazikitsa lamulo mu 1907 loti chithunzi cha munthu chisafalitsidwe popanda chilolezo chake, kupatulapo anthu a m'nkhani za nthawiyo, misonkhano, ndi amene angopezeka nawo pa chithunzi cha malo. Ku France nakonso munthu ali ndi ufulu pa chithunzi chake. Atolankhani a m'mayiko amenewa sanasiye ntchito.

5. Kupempha sikudula. "Timoneni" mmodzi, moni wa Chitonga, kufunsa mmene adzukira, kunena chimene ukufuna ndi komwe chithunzicho chikupita. Ambiri amavomera, ena amakuitanira abale awo. Zoti munthu akapemphedwa amauma ngati chipilala n'zoona kwa mphindi zochepa, koma ukakhala pansi n'kucheza amabwerera ku ukonde wake n'kukuiwala. Wojambula amene akuti alibe nthawi yopereka moni akungovomereza kuti anthuwo akuwaona ngati mbali ya malo, limodzi ndi miyala ndi mitengo.

KUYEZA MBALI ZONSE

Mbali ziwirizi zikukangana ngati zikunena chinthu chimodzi, pomwe zikunena zinthu zitatu: kutola chithunzi, amene akutoledwa, ndi komwe chithunzicho chikupita. Zikasiyanitsidwa, mkangano wambiri umachepa.

Pa kutola chithunzi, ovomereza apambana. Dziko limene linakhala zaka 30 pansi pa chipani chimodzi, pomwe bungwe lounika mabuku ndi makanema la 1968 linkasankhira anthu choti aone, lisafulumire kupanga lamulo loti kamera iyambe yapempha. Lamulo lotero silingathandize mayi wa padoko. Oyamba kuligwiritsa ntchito angakhale apolisi, andale ndi eni mipanda. Wojambula nyanja, mabwato, msika, gule kapena khamu asafunsidwe kalata. Wantchito wa boma amene ali pa ntchito yake poyera alibe chifukwa chokanira kujambulidwa. Ndipo ngakhale wojambula atalakwa chotani, kumumenya, kumulanda kamera kapena kuiphwanya ndi mlandu pawokha. Wokwiya apite naye kwa mfumu kapena kupolisi ya pa Chintheche, kamera ili m'manja mwa mwini wake.

Pa amene akutoledwa, otsutsa apambana, ndipo mfundo yawo yoyamba ndiyo yolemera kuposa zonse mu mtsutso uno. Mutuwu ukuganiza kuti malo ali pawiri, a m'nyumba ndi a panja. Kunyanja kuli malo achitatu, amene ali panja koma mudzi wonse unagwirizana kuti ndi obisika. Wojambula amene waloza kamera pa doko la amayi, pa mwana wosavala, pa wodwala kapena pa maliro, sangadziteteze ponena kuti panalibe mpanda. Chimodzimodzi pamene munthu mmodzi wamba ndiye mutu wa chithunzi, nkhope yake yadzaza galasi lonse. Pamenepo afunsidwe, ndipo akakana nkhani yatha. Muyeso wake ine ndimauona chonchi: munthu akakhala ndi mphamvu zambiri pa anzake, chilolezo chake chimachepa kufunika. Akakhala wopanda podandaulira, chimakula.

Pa komwe chithunzi chikupita, malamulo athu ndi omwe akutsalira, ndipo njira ya ku Germany ili ndi nzeru yoti tingabwereke. Chithunzi cha munthu wodziwika nkhope chikamakagulitsa malonda, kukopa alendo kapena kupemphera ndalama za bungwe, chilolezo chikhale chokakamiza, chofotokozedwa m'Chitonga kapena m'Chichewa, ndipo ngati pali malipiro akambidwe kamera isanatuluke m'chikwama. Za atolankhani zikhale m'manja mwa malamulo a ntchito yawo pansi pa Media Council of Malawi, ndipo bungwe la ojambula la PHOTAMA lingachite bwino kukhala ndi mfundo zomveka zoti mamembala ake azitsatira. Zina sizifuna Nyumba ya Malamulo n'komwe. Mafumu, makomiti a m'madoko ndi eni malo ogona alendo akhoza kukhala pansi n'kugwirizana malo osambira amene kamera siloledwa, mlendo n'kuuzidwa pomwe akulandira kiyi wa chipinda. Operekeza alendo, amene nthawi zambiri ndiwo amakhala pakati moto ukabuka, angapepukidwe.

Choncho mutuwu, mmene walembedwera, sukudutsa. Mawu oti "aliyense" ndi oti "popanda kupempha" akuphimba mtolankhani wa pa 20 Julayi pamodzi ndi Lu Ke m'bulangeti limodzi. Koma mutu wotsutsana nawo, woti pasakhale chithunzi popanda chilolezo, ungagwe ndi mavoti ambiri kuposa pamenepa.

Patsala nkhani imodzi imene muyeso wangawu sukuithetsa bwinobwino, ndiyo ya wokoka usipa ndi timwana ta chambo ndi masikito. Akuphwanya malamulo a usodzi ndipo akuwononga chuma cha onse, choncho anthu ali ndi chifukwa choonera zimene akuchita. Koma nthawi zambiri ndi mayi kapena mnyamata wosauka amene akufuna ndiwo za tsiku limenelo, ndipo chithunzi cha nkhope yake chingamulanditse ukonde, kumulipiritsa chindapusa ndi kumuchititsa manyazi dziko lonse, pomwe mwini maukonde akuluakulu oletsedwa amakhala kunyumba n'kumangotuma antchito. Apa ndingalole kuti wojambula atole osapempha, chifukwa akapempha palibe chimene angapeze. Koma pofalitsa aonetse ukonde, manja ndi tinsomba tili m'beseni, nkhope aisiye. Komiti ya padoko imamudziwa kale munthuyo ndi dzina lomwe, ndipo owerenga nyuzipepala ku Blantyre alibe naye ntchito.